Mkazi wa m'thumba mwanga

Anayambitsa zonsezi ndi namwino wa pa kiliniki yathu ku Masala, kuno ku Ndola. Anandimanga chilamba chija choyezera bipi pamkono, nachipopa mpaka dzanja kuchita dzanzi, kenako anandiyang'ana ngati ndamubera nkhuku.

"Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri. Muchepetse mchere, ndipo muyambe kuthamanga."

"Mayi," ndinatero, "magazi akuthamanga kale, ndiye inenso ndithamange? Nanga tikagundana panjira?"

Sanaseke. Anthu a kuchipatala nthabwala za odwala anazimva zonse. Anandipatsa timapilisi, nandiuza tsiku lobweranso, naitana wotsatira.

Apa n'kuti patapita chaka ndi miyezi ingapo mkazi wanga atamwalira. Ndinali nditanenepa kunenepa koipa, kwa munthu amene amadya chimene wachipeza ataimirira pafupi ndi sitovu, atathira mchere wambiri kuti chimveke kukoma. Mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa, anali kukoleji ku Kitwe. Atamva za bipi analira pafoni. "Adadi, amami apita, inunso mufuna kupita? Ine nditsala ndi ndani?" Loweruka lomwelo anatsika minibasi, nalanda foni yanga, naikamo kapulogalamu kowerengera kuthamanga, kamene achinyamata amati apu. Lolemba anzanga akuntchito atakaona, anandilowetsa m'gulu lawo. Kampani yathu ya malole onyamula katundu wa m'migodi inali itayamba kale kupikisana pa kapulogalamu komweko, ofesi ya Ndola ndi ya Kitwe. Ine ndinkangozimva m'makhonde, n'kumati ndi masewera a ana.

Kanthu kameneka kali ndi malamulo ake, ndipo sikakambirana ndi munthu. Kamadziwa pamene uli, kamamva mmene thupi likugwedezekera, ndiye kamagamula kokha ngati ukuyenda kapena ukuthamanga. Ukamayenda kamakuponyera timapointi tachisoni, ngati mbasela ya wogulitsa wouma manja. Ukathamanga mapointi amabwera ochuluka. Koma mnofu weniweni uli pa kuthamanga osaima. Ukapita nthawi yaitali osapuma kamakuwonjezera ena pamwamba, ndipo ukangoima, ngakhale kuti umange chingwe cha nsapato, owonjezerawo amayambiranso pansi. Ukajomba tsiku limodzi kamafufuta mbiri ya masiku onse amene unalimbikira. Lamlungu madzulo kamaonetsa mayina a gulu lonse, wamphamvu pamwamba, waulesi pansi, kuti aliyense aone. Kukanamiza n'kovuta. Dalaivala wathu wina anaika foni pampando wa lole, nayendetsa pang'onopang'ono kuzungulira yadi, koma kanamugwira, kanati liwiro limeneli si la munthu. Tinamuseka mwezi wathunthu.

Ndipo kali ndi mawu. Ndi mawu a mzimayi, Chizungu chosalala chotulukira m'mphuno. Amakuuza kuti wayamba, waima, wapitiriza, wachita bwino, usafooke.

Amene anapanga kanthu kameneka sanafikepo ku Masala, izi ndiye ndingalumbire. Kwathu kuno munthu wamkulu akathamanga ndiye kuti waba, kapena kunyumba kwagwa zovuta. Tsiku loyamba amayi ena otunga madzi anatula zidebe nafunsa, "Cinshi mulebutuka?" M'Chibemba kuthamanga ndi kuthawa ndi liwu limodzi, ndiye ankafuna kudziwa chimene chikundipirikitsa kuti nawonso aliyatse liwiro. Kondakitala wina wa ku chigawo cha kum'mawa, amene amandidziwa, anamenya chitseko cha minibasi nakuwa, "Kuthamanga si kufika, mdala! Kwerani!" Ana a sukulu ananditsata akuyerekeza mmene mimba yanga inkagwedezekera. Zonsezo ndinazipirira, ndipo patapita masiku anthu anazolowera, anangoti bambo aja a bipi akudutsa. Chimene sichikanatheka kuchidumpha chinali moni wa apongozi anga.

Apongozi anga, mayi ake a malemu mkazi wanga, amakhala misewu iwiri kuchokera kwanga. Anachoka ku Katete ali mtsikana, kutsatira mwamuna wawo amene ankagwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo mwamunayo atapuma ntchito anagula kanyumba kuno. Anagulitsa kapenta ndi nyemba mumsika wa Masala mpaka mawondo anakana. Tsopano amaika kathebulo ka tomato ndi anyezi pageti, ndipo dzuwa likamatuluka amakhala atasesa kale, ali pampando wawo, korona m'manja. Ndi Mkatolika wolimba, koma pakamwa m'pakuthwa. Atsikana amene amabwera kudzagula tomato atavala zothina amawadziwa bwino.

Anthu ambiri a m'tauni muno anasiya zopewana ndi apongozi. Amagwirana chanza, amadyera pamodzi, ena mpaka kujambulitsa atakolekana manja m'khosi. Apongozi anga zimenezo anakana. Chikwatirireni mwana wawo, zaka makumi awiri ndi kusefukira, tinali tisanayang'anepo m'maso. Ndikafika ndinkapatukira pambali pa geti, n'kunyonyomala, n'kuwomba m'manja, maso pansi. Iwo ankatembenukira kumbali, n'kuyankha akuyang'ana tomato. Ine ndinkawatcha amayi, iwo ankanditcha apongozi. Mapazi awo ndi zitenje zawo zonse ndinkazidziwa, koma nkhope ndinkangoionera patali, paukwati kapena pamaliro. Ena amati mwambo umenewu ndi chidani. Si chidani ayi. Sindinalemekezedwepo ndi munthu wina aliyense monga ankandilemekezera mayi ameneyu atandifulatira.

Moni wawo sunali wa "mwauka bwanji, tauka" basi. Ankafunsa mmene ndagonera, mwana akuti bwanji ku Kitwe, magetsi anabwera nthawi yanji kwanuko. Kenako inkabwera nkhani ya mawondo awo, kenako ya amene wadwala kapena wamwalira mu mphakati wawo, kagulu ka Akatolika a m'dera limodzi amene amapempherera pamodzi. Akati "pitani bwino, apongozi," m'pamene ndinkadzuka, miyendo itachita dzanzi.

Moni umenewo unali ndi chifukwa chake. Titaika maliro a mkazi wanga, akuluakulu ochokera kumudzi anafuna kundisudzula asanabwerere, kuti asadzayende ulendo wautaliwo kawiri. Kusudzula ndiko kumasula mwamuna wofedwa. Akuchikazi amamuuza kuti ukwati watha, alibe nawo mangawa, apite kumene afuna, akwatire amene afuna. Apongozi anakana pamaso pa onse. "Ameneyu bambo alibe, mayi alibe, abale ake anamwazikana. Mukamusudzula lero apita kuti? Musiyeni. Adzapempha yekha." Ndinalira tsiku limenelo kuposa mmene ndinalirira kumanda. Ine ndinabadwira m'komboni ya mgodi ku Kitwe, makolo anga anakafera kumudzi kumene sindidziwa ngakhale njira ya kuchitsime. Banja limene ndinali nalo linali lomweli. Sindinapemphe, ndipo maganizo opempha ndinalibe. M'mawa uliwonse popita kokwerera basi ndinkadzera pageti paja, ndipo tonse awiri tinkadziwa tanthauzo lake.

Ndiye nditayamba kuthamanga ndinadzera pomwepo. Ndinavala thalauzi lalitali m'kutentha kwa Okutobala, chifukwa kabudula pamaso pa apongozi n'chipongwe. Ndinafika ndikuwefuka, ndinanyonyomala, ndinawomba m'manja. Ndisanamalize "mwauka bwanji, amayi," m'thumba mwanga munalankhula mzimayi uja, mokweza, kunena kuti ndaima.

Apongozi anafunsa, maso ali pa tomato, "Kodi pali alendo?"

"Ndi foni, amayi."

"Oho. Foni."

Moni unapitirira, koma unafupika. Nditadzuka n'kuyambanso kuthamanga, mzimayi uja anandiyamikira kuti ndachita bwino, ndisaime. Ine ndinkati apongozi amva, foni ndi foni. Madzulo ndinayesa kumutseka pakamwa mzimayiyo. Ndinadina apa, ndinadina apo, ndipo chimene ndinatseka ndi belu londidzutsa, mwakuti m'mawa mwake ndinachedwa kuntchito. Ndinazisiya, ndinati mwana akadzabwera adzakonza. Tsiku ndi tsiku zinali choncho. Ine kunyonyomala, mzimayi kulankhula, apongozi kusanja tomato amene anali wosanjika kale.

Lamlungu lililonse dzina langa linali pansi penipeni, pansi pa anthu amene ndinkadziwa kuti amathamanga kamodzi pa sabata. Chifukwa chake chinali chodziwikiratu. Geti la apongozi linali pakati pa njira yanga, ndiye moni unkadula ulendo pawiri, mapointi owonjezera aja n'kugwera m'madzi. Kuntchito anyamata ankanditcha mlonda wa pansi. Ndinkaseka nawo, n'kumati ine ndikuthamangira magazi, osati mapointi. Bodza! Lamlungu madzulo ndinkatsegula foni mtima ukugunda ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso. Munthu wa zaka makumi asanu, wokhala yekha m'nyumba, amaiwala kuti kuyamikiridwa kumakoma bwanji. Akakukumbutsa, ngakhale ndi mawu a makina, umafuna akuwonjezere.

Kenako anatituma ku Kitwe kumsonkhano wa ntchito, ndipo ndinagona kwa mnzanga wa ofesi ya kumeneko, amene dzina lake silinkachoka pamwamba. Amakhala ku Nkana West, m'nyumba zija zinali za mabwana a mgodi, kumene ife tili ana tinkangosuzumira pampanda. M'mawa tinatuluka limodzi. Misewu yotakata, mitengo mbali zonse, mipanda ya njerwa yaitali, mageti achitsulo otseka. Amene anatilankhula ndi agalu okha. Tinadutsana ndi othamanga ena, timawaya m'makutu, munthu kungokweza chala basi wapita. Kwa nthawi yoyamba ndinathamanga osaima. Pomaliza foni inanjenjemera, inaonetsa mendulo yonyezimira, mzimayi uja akuchita ngati ndagwetsa njovu. Mapointi a m'mawa umodzi umenewo anaposa a sabata yathunthu ya ku Masala.

Ndinazindikira pamenepo kuti kapulogalamu aka anakapangira misewu yotere, kumene munthu angathe kuchoka pakhomo ndi kubwerera popanda womudziwa. Sikoipa ayi. Kamawerenga chimene anakauza kuti kawerenge. Bambo anga ankanena kuti mgodi umawerenga mwala umene wafika pamwamba, zimene zachitika pansi kuti mwalawo ukwere sizimalembedwa. Nakonso kapulogalamuka, pa zonse zimene munthu amachita panjira, kamadziwa ziwiri zokha, kusuntha ndi kusasuntha. Kamatha kusiyanitsa munthu ndi lole, koma kuyenda mwaulemu podutsa pa nyumba ya maliro, kuthandiza mayi kusenza mtolo, kunyonyomala pageti, zonsezo kwa iko n'chimodzimodzi ndi ulesi. Ndinaziona bwinobwino zimenezi ndikumwa tiyi pakhonde la mnzangayo. Ndipo nditaziona, mapointiwo ndinawafunabe. Mtima wa munthu!

Nditabwerera ku Ndola ndinapeza njira ina, yodzera kumafakitale amene anatsekedwa kalekale, kumene kuli udzu ndi alonda osinza. Kumeneko kunalibe wondidziwa. Ndinadziuza kuti ndikuwapumitsa apongozi ku mawu a mzimayi uja, amene ndinkaona kuti akuwasowetsa mtendere, ndipo zimenezo zinali zoona ndithu, theka lake. Pobwera kothamanga nthawi inkakhala itatha, ndiye ndinkangosamba n'kudumphira minibasi ya pafupi. Ndinkapita kukawaona Lamlungu masana, koma Lamlungu pakhomo pawo pamadzaza amayi a mphakati, ndiye moni unali wa pagulu. Ndinkasiya nsomba kapena thumba la makala, iwo n'kuthokoza bwino lomwe, akuyang'ana kumbali monga mwa masiku onse. Munthu amene sumuyang'ana kumaso, ungadziwe bwanji kuti wakhumudwa?

Dzina langa linakwera. Mimba inaphwa, lamba ndinaboola bowo lina, ndipo namwino uja anamwetulira, nati magazi ayamba kuyenda ngati a munthu. Izi ndiyenera kuzinena chifukwa n'zoona, kanthu kaja kanandithandiza. Mwina popanda iko bwenzi lero mwana wanga ali yekha.

Mvula itayamba, mlamu wanga, mlongo wake wa malemu, amene amagulitsa misomali ndi maloko ku Twapia, anandipeza kuntchito nthawi ya nkhomaliro. Ine ndi iye timanyozana kuyambira kale, ndiwo ulamu umenewo.

"Ba mulamu! Mwaonda bwino bwanji! Madamu akukusamalani, eti?"

"Madamu ati?"

"Aaa, musatibise. Wa Chizungu uja. Amene sakulolani ngakhale kumaliza moni, amangoimba foni m'mamawa." Anaseka, koma maso ake sanaseke. "Amayi akuti Loweruka masana mubwere. Akusudzuleni. Akuti mwapempha."

Ndinayamba kufotokoza za mapointi, za kuima ndi kusaima, koma iye anakweza manja. "Ine ndangotumidwa. Zimenezo mukafotokoze kumeneko."

Masiku otsalawo sindinathamange. Mbiri yanga ya masiku inaduka, ndipo foni inayamba kunditumizira timauthenga todandaula, totinso yandisowa, ndibwerere. Ndinaseka ndekha mopwetekedwa. Foni imatha kunena kuti yakusowa. Apongozi sanganene zimenezo kwa mkamwini, ngakhale atamusowa bwanji. Ndinali ndi mantha, mantha enieni, a munthu amene akuona kuti pofika Loweruka madzulo adzakhala wopanda kwawo.

Loweruka ndinavala jekete n'kupita kwa apongozi. Anandikhazika pa kampando pansi pa mtengo wa mango. Panali mlamu wanga, amayi awiri a mphakati, ndi mwana wanga amene anamuitanitsa ku Kitwe osamuuza chifukwa chake. Apongozi anakhala pamphasa atandipatsa mbali, ndipo pafupi nawo panali kambale ka ufa woyera. Akatolika a m'tauni zambiri za kale anazisiya. Chotsala pa kusudzula ndi pemphero, mawu, ndi ufa pamphumi.

Atapemphera, ndinawomba m'manja. "Amayi, ine sindinapemphe."

"Munthu sapempha ndi pakamwa pokha, apongozi. Miyendo yanu inapempha. Ndipo Chizungu cha kumsika ndimachimva. Mkazi uja ndinamumva ndekha akukuuzani kuti mwachita bwino, musaime. Sindikukuimbani mlandu. Mwana wanga anapita, inu muli moyo."

Mwana wanga anandiyang'ana, nayang'ana agogo akewo, kenako anagwira pakamwa. "Ambuya! Uja si munthu!" Analanda foni yanga, naitsegula, nathamanga kuzungulira mtengo wa mango atagwira chitenje, kenako anaima njii patsogolo pa mphasa. Mzimayi uja analankhula kuti waima. Anathamanganso, mzimayi anamuyamikira. Amayi a mphakati anaseka mpaka misozi, mlamu wanga anatsetsereka pampando akumenya ntchafu.

Apongozi sanaseke. Anafunsa mdzukulu wawo, "Ndiye mkazi ameneyu alibe thupi?"

"Alibe, ambuya."

"Saphika? Sachapa?"

"Amangowerenga mapointi."

"Mapointiwo mumagulira chiyani?"

"Palibe."

"Kalanga ine! Bola akanakhala munthu." Kenako anafunsa ine, akuyang'ana kambale ka ufa. "Nanga mukanyonyomala pageti panga paja, amati chiyani?"

"Amati ndaima, amayi. Ndiye mapointi amaduka."

"Iye amati mwaima," anatero pang'onopang'ono. "Ine ndinkati mwafika."

Kuseka konse kunatha. Ine ndinaganiza kuti nkhani yamveka, ufa ubwerera kukhitchini. Ndinati, "Amayi, ndiyambanso kudzera pano m'mawa uliwonse. Musandisudzule. Mukandisudzula ndipita kuti?" Ndinachonderera choncho pamaso pa anthu, pamaso pa mwana wanga, ndipo sindinasamale.

"Masabata onsewa ndalira, apongozi," anatero. "Mkazi wopanda thupiyu ndamutukwana mumtima mpaka kukalapa kwa ansembe. Koma ndikalira ndikalira, ndinkapeza kuti penapake mtima wakondwa, kuti pali wina amene akukuuzani m'mawa kuti mwachita bwino. Ndinakusungani ndi chifundo, inde. Koma ndinadzisungiranso ndekha. Mukanyonyomala pageti, ine ndinkamva ngati mwana wanga ali kunyumba kwanu akutereka tiyi. Si bwino zimenezo. Mwamuna wathanzi lake kumasangalatsidwa ndi foni! Ndidzutseni."

Amayi a mphakati anawagwira m'khwapa. Ndinaona mapazi aja ndimawadziwa akubwera, naima patsogolo panga.

"Dzutsani mutu."

Ndinadzutsa. Anaviika chala mu ufa, nandipaka pamphumi, nandiyang'ana nthawi yaitali. Nkhope yawo inali yaing'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo maso anali a mkazi wanga enieni.

"Imvi zonsezi?" anatero. "Ine ndimakumbukira kamnyamata." Kenako ananena mawu ake a mwambo, mokweza kuti onse amve. "Takusudzulani. Mulibe nafe mangawa. Pitani bwino."

Ndinabwerera kunyumba wapansi, ufa uli pamphumi, sindinaupukute. Anthu pamsewu ankandiyang'ana, amene ankadziwa tanthauzo lake ankayang'ana kumbali. Lamlungu sindinapite kutchalitchi, ndinangokhala m'nyumba. Ndinali wamasiye wa zaka makumi asanu, womasuka kupita kulikonse, wopanda kopita. Madzulo foni inalira kuti mayina a gulu atuluka, sindinaitsegule. Mwana wanga asanakwere basi anandigwira dzanja, nandilumbiritsa kuti mawa ndithamanga, chifukwa magazi sadziwa za kusudzula.

Lolemba m'mawa ndinavala thalauzi lalitali lija n'kutuluka. Usiku kunali kutagwa mvula, m'misewu muli matope. Pamphambano, pamene njira ya kumafakitale imapatuka, miyendo inasankha yokha. Ndinkadziwa kuti munthu wosudzulidwa sazungulirazungulira pageti la kuchikazi. Ndinati ndingodutsa, ndikweze chala ngati anthu a ku Nkana West, basi. Koma nditafika, thupi linachita chimene linazolowera. Ndinapatukira pambali, ndinanyonyomala, ndinawomba m'manja.

"Mukunyonyomala chiyani pamenepo? Apongozi anga ndinawasudzula dzana."

Ndinadzutsa maso. Amayi anali akundiyang'ana kumaso. Pafupi ndi mpando wawo panali kampando kena, ndi kapu yovundikira ndi kambale.

"Bwera ukhale apa, iwe. Tiyi akuzizira. Ndipo thalauzi limenelo m'matope muno, ulibe kabudula?"

Ndinakhala. Pomwepo m'thumba mwanga munalankhula mzimayi uja, ndi Chizungu chake cha m'mphuno, kunena kuti ndaima.

Amayi anaweramira kuthumba langa, chala m'mwamba, monga amachitira ndi atsikana a zothina aja.

"Iwe, khala chete. Ndikulankhula ndi mwana wanga."